Quad ikunjenjemera ndiponso ikudya lamba: klatchi ya CVT tiyiyambire pati?

Che Yusufu (Monkey Bay):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi vuto pa quad (njinga yamoto ya matayala anayi) ya kuntchito kwathu, Polaris Sportsman 500 ya kabureta, yomwe inagulidwa ku Joni itagwirapo kale ntchito. Kuno timakokera kangolo ka zigubu za madzi ndi nkhuni, ndipo nthawi zina imakokera bwato kumtunda pamchenga. Chiikireni matayala a mainchesi 27 m'malo mwa a 25 omwe inabwera nawo, ikungolira kwambiri koma osathamanga. Moto ukakwera chiwongolero chimanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, zopondera nazonso chimodzimodzi. Lamba sakukhalitsa, ndipo ikakoka katundu kumamveka fungo la labala wopsa. Mnzanga akuti ndiitanitse clutch kit (phukusi la zitsulo zotchunira klatchi) ku South Africa basi zithe. Ndisanawononge ndalama za abwana ndati ndimve kaye kwa inu.

Gift (Mchesi):
Matayala aakulu amafuna ma weight opepuka achimwene. Ife pa ma scooter timangochepetsa kulemera kwa ma roller a mu klatchi, njinga n'kudzuka pompo.

Madala Phiri (Limbe):
Che Yusufu, musaitanitse kanthu kaye. Matenda mwatchulawo ndi awiri, mwinanso atatu, pamene kit imachiza amodzi okha. Kunjenjemera ndi nkhani ina, kulira osathamanga ndi nkhani inanso. Yambani ndi kunjenjemerako. Iikeni pa neutral, mumange buleki, chivundikiro cha klatchi chili chotseka, ndiye mukweze moto pang'onopang'ono. Ikanjenjemera ili chiimire, vuto lili pa zinthu zozungulira limodzi ndi injini: primary, lamba, secondary, kapena crank (shafti yaikulu ya injini) yeniyeniyo. Ikakhala bata pa neutral n'kumanjenjemera pokhapokha ikuyenda, klatchi isiyeni. Yang'anani matayala atsopanowo, limu yopindika, matope ouma mkati mwa limu, ndi ma CV joint (zolumikizira mashafti ozunguliza matayala). Muonenso mabawuti ndi malabala omangira injini ku chasisi. Injini ya silinda imodzi imagwedezeka kale mwachibadwa, ndiye labala limodzi likang'ambika mumamva zonse m'manja.

Che Yusufu (Monkey Bay):
Ndayesa Madala. Ili chiimire ikunjenjemera ndithu, ndipo moto ukamakwera kunjenjemerako kumakulanso. Malabala a injini ndi abwinobwino. China chomwe ndinasiya kunena: ponyamuka imagunda, du du du, kenaka ikayenda pang'ono kugundako kumatha.

Gift (Mchesi):
Chotsani lamba, muilize ilibe lamba. Ikanjenjemerabe ndiye kuti ndi primary.

Kondwani (Joni):
Ayi Gift, zimenezo musawauze. Primary ikakhala yopanda lamba palibe choigwira, injini imakwera moto nthawi yomweyo ndipo mbale zimatsekeka mwamphamvu. Ngati muli chitsulo chosweka mkatimo chimathawa ngati chipolopolo, munthu waima pomwepo chivundikiro chili pansi. Kuno ku workshop timakonza ma quad a m'mafamu tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amaloledwa kuiliza chomwecho. Zonse zomwe mukufuna kudziwa mungazione ili yozima.

Che Yusufu, kugunda ponyamuka kuja ndi lamba. Quad ikatitimira mumchenga matayala n'kuima, munthu n'kumaponderezabe moto, primary imazungulira pamalo amodzi a lamba n'kumudya m'mbali. Pamalopo lamba amakhala wowonda, ndiye nthawi iliyonse akafika pa mbale mumamva du. Mutulutseni, mumuyeze m'lifupi ndi vernier (chida choyezera makulidwe) kuzungulira yense. Mupeza malo owonda, ndikukutsimikizirani.

Banda (Chipata):
Pepani akuluakulu, ena tikungotsatira chabe. Primary ndi secondary zikuchita chiyani kwenikweni? Kufamu kwathu kuli quad ya CFMoto, ine ndimangodziwa kuti mkati muli lamba.

Kondwani (Joni):
Ankolo a Banda, taganizirani njinga ya kabaza yokhala ndi magiya. Pachitunda tcheni chimakhala pa kagiya kakang'ono kutsogolo ndi giya yaikulu kumbuyo, pamalo osalala n'kusinthana. CVT, klatchi ya lamba yosintha magiya yokha, imachita zomwezo, koma m'malo mwa mano pali mbale ziwiri zopendekeka kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, lamba pakati. Za kutsogolo, zomangidwa pa crank, ndiye primary. Mkati mwake muli ma weight, pa Polaris amakhala atatu, omwe injini ikamazungulira amatayikira kunja n'kukankha mbale imodzi kuti ipane lamba ndi kumukweza m'mwamba. Sipuling'i ya primary imalimbana nawo kuti mbale zisatsekeke msanga. Kumbuyo, pa shafti ya giyabokosi, kuli secondary. Iyo ili ndi sipuling'i yake komanso helix, chitsulo cha mapiri opendekeka chomwe chimamva kulemera kwa katundu. Katundu akalemera helix imapana lamba kwambiri n'kumubwezera ku giya yamphamvu. Ndiye ma weight akukankhira ku liwiro, secondary ikubwezera ku mphamvu, ndipo ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) amakhazikika pomwe ziwirizi zalingana. Kutchuna klatchi ndi kusuntha malo amenewo basi. Polaris anabweretsa njira imeneyi pa ma quad mu 1985, kuchokera ku ma snowmobile (njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa) omwe ankapanga kale ku Minnesota.

Madala Phiri (Limbe):
Wafotokoza bwino mwana wanga. Tsopano Che Yusufu, potsegula pali zinthu ziwiri zoti musaphonye. Choyamba, primary imakhala pa nsonga yosongoka ya crank ndipo imatuluka ndi puller yake yomwe imalowa mu mazinga a klatchiyo. Hamala ndi chitsulo chopanira kumbuyo ayi. Anthu ambiri amapinda crank kapena kusweratu mbale ya aluminiyamu pamenepa. Ngati puller mulibe, ma weight ndi sipuling'i mungazichotse klatchi ili pa injini pomwepo. Chachiwiri, musanamasule mabawuti a kapu yakutsogolo, pukutani fumbi muyang'ane chizindikiro cha X. Chimakhala pa kapu, pa spider (chitsulo cha miyendo itatu chokhala ndi ma roller omwe ma weight amakankha) ndi pa mbale yoyenda. Ku fakitale klatchi imabalansidwa zidutswa zimenezi zili pamodzi, ndipo ma X onse amayenera kukhala mbali imodzi. Mundiuze momwe mwawapezera musanasunthe kanthu. Mabawuti a kapuyo muziwamasula pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kuseri kwake kuli sipuling'i yopanidwa.

Che Yusufu (Monkey Bay):
Ndatsegula. Abale, zomwe ndapezamo. X wa pa kapu sanali pamodzi ndi anzake, anali mbali ina. Lamba ali ndi malo awiri owonda monga ananenera a Kondwani, ndipo m'mbali mwake mukunyezimira. Pa mbale pali mizere yakuda ya labala. Koma chachikulu ndi ma weight. Awiri ndi osalala, nambala yake ikuwerengeka bwinobwino. Wachitatu wina anamupala ndi gulayinda chakunsonga, zipsera zikuoneka, ndipo bushing yake yatha moti akugwedera pa pini. Ndabwereka kasikelo kakang'ono kwa mnyamata wina amene amayezera golide, kowerenga mpaka 0.1. Awiri aja akufanana, wopalidwayo wachepa ndi magalamu 2.3. Roller yomwe amakhudzana nayo pa spider nayonso yaphwatalala mbali imodzi, sikuzungulira.

Gift (Mchesi):
Magalamu 2.3 okha? Ndiye angagwedeze quad yonse imene ija?

Mayi a Tadala (Lilongwe):
Gift mwana wanga, funso limeneli ophunzira anga a motor vehicle amafunsa chaka chilichonse, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Chinthu chikamazungulira, mphamvu yochikokera kunja imadalira kulemera kwake, kutalika kwake kuchokera pakati, ndi liwiro lozungulira kuchulukitsa ndi lokha. Liwirolo ndiye loopsa: mukawirikiza ma rev kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Titenge galamu imodzi yomwe ili pa masentimita 6 kuchokera pakati pa crank, injini ili pa ma rev 6,000 pa mphindi. Mphamvu yake ikukwana pafupifupi ma newton 24, kapena tinene kulemera kwa makilogalamu 2.4. Magalamu 2.3 a Che Yusufu ndiye kuti akupitirira makilogalamu 5. Ndipo mphamvu imeneyi sikukankha mbali imodzi ayi, ikuzungulira, kumwamba, kutsogolo, pansi, kumbuyo, ka 100 pa sekondi iliyonse, kunsonga kwa crank komwe kulibe chochirikiza kunja kwake. Amene akulandira nkhonya zonsezo ndi bearing ya crank ndi seal yake. Manja kuchita dzanzi ndi vuto laling'ono, lalikulu ndi tsiku lomwe oyilo adzayambe kudontha kuseri kwa klatchi n'kufika pa lamba.

Palinso china. Ma weight atatu akasiyana sakankha mbale mofanana. Awiri akukankha mwamphamvu, mmodzi akutsalira, ndiye mbale imayenda chopendekeka, n'kumadya bushing ndi mabatani a spider. Lamba naye amapanidwa kwambiri mbali imodzi ya mbale kuposa inzake. Kutha msanga kwa lamba kuja mbali ina kukuchokera pamenepo.

Che Yusufu, poti mwatsegula kale, yang'anani kuseri kwa primary ngati kuli chinyezi cha oyilo.

Che Yusufu (Monkey Bay):
Kuli kouma mayi, fumbi lokha.

Mayi a Tadala (Lilongwe):
Ndiye mwaipeza nthawi yabwino.

Gift (Mchesi):
Chabwino ndamva. Nanga bwanji osangopala awiri enawo kuti afanane ndi wachitatuyo? Sikelo ilipo kale, ndipo ma weight opepuka ndi omwe akufunika pa matayala a 27.

Madala Phiri (Limbe):
Ine ndapalapo ma weight m'moyo mwanga, nthawi yomwe kuitanitsa chitsulo kunja kunkatenga miyezi ndipo makina a pa esiteti sakanadikira. Zimatheka, koma si ntchito ya gulayinda. Ndi ntchito ya tupa, sikelo ndi kudekha, ndipo msana wopindika umene umayenda pa roller sukhudzidwa ngakhale pang'ono. Vuto la Che Yusufu n'lakuti wopalayo anadya kunsonga. Weight si kulemera kokha, ndi pomwe kulemerako kwakhala. Kulemera kwa pafupi ndi pini kumagwira ntchito ponyamuka ndi pa liwiro lochepa, kwa kunsonga kumagwira pa liwiro lalikulu. Mungakhale ndi ma weight atatu ofanana ndendende pa sikelo koma akukankha mosiyana, chifukwa wina munamudya kunsonga, wina pakati. Ndiye kuti mufananitse awiri abwinowo ndi woonongekayo muyenera kuwononga onse mofanana, ndi maso. Sindingakulangizeni zimenezo.

Kondwani (Joni):
Ndikugwirizana ndi Madala, ndipo ine ndinganene kuti ngakhale tupa musaigwire. Masiku ano mabasi a Joni akubwera sabata iliyonse, ma weight atatu ndi kaphukusi kolowa m'thumba la malaya. Gulani atatu onse pamodzi, a nambala imodzi, ndi mapini ake ndi manati atsopano. Osagula mmodzi wolowa m'malo mwa woonongekayo, chifukwa awiri akalewo nawo adyeka pang'ono. Akafika muwayezebe pa kasikelo kaja musanawaike.

Roller yophwatalala ija ndiye ntchito yovuta. Kuti isinthidwe spider iyenera kumasulidwa, ndipo imamangidwa mwamphamvu kwambiri, imafuna chogwirira klatchi ndi sipanala yakeyake. Pansi pa spider palinso mawashala omwe amaika mpata wa pakati pa lamba ndi mbale. Akasokonezeka, quad imayamba kukwawa yokha pa idle (injini ikungolira, moto usanakwezedwe) ndipo giya imavuta kulowa, kapena imanyamuka modzidzimutsa. Pamenepo klatchi yonse ichoke ndi puller ipite kwa munthu amene ali ndi zida. Roller musaisiye. Mukaika ma weight atsopano pa roller yosazungulira, msana wawo udyeka posachedwa ndipo mubwerera pomwe munali.

Madala Phiri (Limbe):
Zida zimenezo ndili nazo. Puller ndingakutumizireni pa minibasi ya Mangochi, klatchi mubweze nayo limodzi.

Banda (Chipata):
Pa mbale ya CFMoto yathu ndinaonapo timabowo tosaboola mpaka kuseri, tangokumbidwa pang'ono m'mphepete. Ndimaganiza kuti ndi kuonongeka.

Mayi a Tadala (Lilongwe):
Si kuonongeka bambo. Timabowo timeneto ndi ta ku fakitale. Amazunguliza chitsulocho pa makina, makinawo n'kuonetsa mbali yolemera, ndiye amakumbako pang'ono kuti zilingane. Musatidzaze ndipo musawonjezere tina.

Anthu amafunsa ngati klatchi ingabalansidwe pa galaja wamba. Pali njira yakale: mumalowetsa shafti yowongoka bwino pakati, n'kugoneka nsonga zake pa mipeni iwiri yachitsulo yomwe mwaiyeza ndi levulo. Mbali yolemera imatsikira pansi yokha. Mukaizunguliza kangapo n'kumaima pamalo omwewo, pali cholakwika. Njira imeneyi imagwira zolakwika zikuluzikulu, monga chipsepse cha mbale chomwe chabenthuka kapena matope omwe aumira mkati. Koma primary ndi yaitali, ndipo ingathe kukhala yolingana pa mipeni pomwe kulemera kwina kuli kutsogolo mbali iyi, kwina kumbuyo mbali inayo. Ikazungulira imavina. Zimenezo zimaoneka pa makina ozunguliza okha, onga omwe amabalansira ma crank ndi ma flywheel. Komanso ma weight ali chigonere sakhala pomwe amakhala injini ikuthamanga. N'chifukwa chake ine ndimaletsa kuboola klatchi potengera mipeni. Kwa ife kuno kubalansa kwenikweni ndi uku: zidutswa zofanana kulemera, ma X pamodzi, bushing zosagwedera, mkati moyera, ndi nsonga ya crank yoyera ndi youma, yopanda girisi, bawuti yomangidwa ndi torque wrench pa mlingo wa m'buku. Mukachita zonsezi n'kumanjenjemerabe, ikani dial gauge pa nsonga ya crank muone ngati siinapindike.

Aphiri (Thyolo):
Ndilowereko pang'ono, chifukwa wina angawerenge izi n'kukachita pa Yamaha. Kuno ku esiteti ya tiyi timayendera Grizzly 700, ndipo mkati mwake n'mosiyana. Ilibe ma weight a pa pini, ili ndi ma roller 8 omwe amayenda m'tinjira kuseri kwa mbale, ndipo amapakidwa girisi wake wapadera. Pa Polaris girisi salowa mu primary, imagwira youma. Komanso pa Yamaha lamba sasiyidwa pa idle, amakhala wokoka nthawi zonse. Chonyamutsa quad ndi klatchi ina ya nsapato yomwe ili mkati mwa oyilo wa injini. Suzuki KingQuad ndi chimodzimodzi. Ndiye Grizzly ikamaterereka ponyamuka, nthawi zambiri si lamba, ndi nsapato zija, makamaka ngati munathiramo oyilo wa galimoto m'malo mwa wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA.

Pa nkhani yopepukitsa ma roller, Gift sakunama kwenikweni, ndipo ena amachita powasakaniza. Anthu amaika anayi olemera ndi anayi opepuka kuti apeze kulemera kwa pakati. Zimaloledwa bola mukuika mosinthana, wolemera, wopepuka, wolemera, wopepuka, kuti woyang'anizana naye akhale mnzake wofanana. Pa scooter ya ma roller 6 amaika atatu ndi atatu modumphitsa. Koma pa ma weight atatu a Polaris palibe njira yosakanizira. Onse afanane basi.

Gift (Mchesi):
Eya, n'zomwe timachita. Sindimadziwa kuti za Polaris n'zosiyana chomwecho.

Che Yusufu (Monkey Bay):
Zikomo nonse. Klatchi ndiitumiza kwa Madala. Koma funso langa loyamba lidakalipo. Poitanitsa ma weight, ndiitanitse a nambala yomwe ilipoyi kapena opepuka chifukwa cha matayala?

Kondwani (Joni):
Apa ndiye pofunika kudekha. Muli ndi zinthu ziwiri zomwe zikukokera mbali zosiyana. Matayala a 27 ndi aakulu ndi 8 peresenti kuposa a 25, komanso ndi olemera, ndiye ali ngati mwakweza giya. Zimenezo zimatsitsa ma rev ndipo zimafuna ma weight opepukirapo kapena sipuling'i ya secondary yolimbirapo. Koma quad imeneyi inachokera kuno ku Joni, komwe tili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Inu pa Nyanja ya Malawi muli pa mamita osafika 500. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse omwe yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ndiye injini yomweyo ili ndi mphamvu zoposa 10 peresenti kwanuko kuposa zomwe inali nazo kuno. Mphamvu zambiri pa ma weight omwewo zimakweza ma rev. M'buku la Polaris muli tebulo la zimenezi: ma weight ena a mamita 0 mpaka 1,800, ena opepuka a 1,800 mpaka 3,700. Joni ili m'malire, ndipo eni ma quad ena kuno amaika opepukawo. Choncho werengani nambala yomwe yadindidwa pa ma weight abwino aja ndi mtundu wa penti wa pa sipuling'i, muyerekeze ndi tebulo la chaka cha quad yanu. Mwina muli kale ndi opepuka osadziwa.

Langizo langa: bwezerani zonse momwe buku likunenera pa malo otsika, muike lamba watsopano, muyeze ma rev, kenaka muone ngati kit ikufunikadi. Kabureta nayo muione. Ngati anaichepetsera jet (kabowo kolowera petulo) chifukwa cha kuno kumtunda, kunyanjako ikulandira petulo wochepa ndipo itentha. Klatchi simungaitchune pa injini yodwala.

Madala Phiri (Limbe):
Pa kuyeza ma rev ndionjezere. Khutu limanama. Gulani ka tachometer kakang'ono kaja ka waya wokulunga pa chingwe cha pulagi, ndipo muyambe mwakayerekeza ndi idle ya m'buku, chifukwa mukakasetha molakwika kamawerenga kawiri kapena theka. Pezani msewu wowongoka wosalala, injini itenthe, mutsegule moto wonse kuchokera poima. Klatchi yabwino ma rev amakwera msanga kufika pomwe injini ili ndi mphamvu zake zonse, n'kukhazikika pomwepo liwiro likukwera. Akapitirira pamenepo, ma weight apepuka. Akalephera kufika, injini ikumveka yolemedwa, ma weight alemera. Akakwera n'kugwa n'kukweranso, china chikumata, kaya bushing kaya roller. Mulembe manambalawo papepala. Mukasintha chinthu, chikhale chimodzi, n'kubwerera pa msewu womwewo ndi katundu yemweyo. Mukasintha weight, sipuling'i ndi helix tsiku limodzi, zikaipa simudziwa chaipitsa, zikakoma simudziwanso chakometsa.

Sipuling'i ya primary ili ndi mphamvu ziwiri. Kulimba kwake poyamba ndiko kumanena ma rev omwe klatchi igwirire lamba. Kulimba kwake itapanidwa kumakhudza ma rev a pamwamba. Anyamata amakonda yolimba poyamba chifukwa quad imadumpha ponyamuka. Pa ntchito yanu yokoka bwato imeneyo ndi yoipa: imafukula mchenga, imadzidzimutsa chingwe, ndipo lamba amamenyedwa nthawi iliyonse mukanyamuka. Inu mukufuna yogwira msanga ndi mofatsa.

Kondwani (Joni):
Apa Madala ndisiyana nanu pang'ono. Ikagwira pa ma rev otsika kwambiri, ma weight amakhala asanapeze mphamvu yopanira lamba, ndiye pa katundu wolemera lamba amaterereka pomwepo n'kupsa. Sipuling'i yofewa kuposa ya fakitale sindingaiike pa quad yokoka.

Madala Phiri (Limbe):
Sindinati yofewa kuposa ya fakitale, ndati asaike yodumphitsa. Ya fakitale yomweyo, koma yatsopano. Sipuling'i yakale imafupika, muiyeze kutalika kwake ili yomasuka muyerekeze ndi buku.

Kondwani (Joni):
Tamvana. Ndiye secondary musaiiwale Che Yusufu, anthu amangothamangira kutsogolo. Itsegulidwe, muone mabatani apulasitiki omwe amatsetsereka pa helix. Akadyeka, quad imachedwa kubwerera ku giya yamphamvu mukalowa mumchenga kapena mukayamba chitunda. Helix yotsetsereka kwambiri imathamangira ku liwiro koma imachedwa kubwerera. Yogona pang'ono imapana lamba kwambiri ndipo imabwerera msanga, yomwe ndi yabwino pokoka. Koma musanagule helix ina, pa secondary zakale za Polaris sipuling'i ili ndi mabowo angapo oikamo nsonga yake, ndipo kusuntha bowo limodzi kumasintha kupotoka kwake. Jambulani momwe ilili musanamasule. Osalimbitsa mopitirira, chifukwa lamba wopanidwa kwambiri amatenthanso ndipo liwiro la pamwamba limatsika. Muonenso ngati quad yanu ndi ya EBS, ija imadzigwira yokha potsetsereka. Ya EBS ili ndi bearing yozungulira mbali imodzi pa primary, secondary yake ndi ina, lamba wakenso ndi wina. Poitanitsa munditumizire chaka ndi nambala ya chasisi ku inbox.

Mayi a Tadala (Lilongwe):
Ndili ndi funso lomwe palibe wafunsa. Che Yusufu, pokoka bwato lija amaika giya iti?

Che Yusufu (Monkey Bay):
Anyamata oyendetsa amakonda High mayi. Amati Low imachedwa ndipo imalira kwambiri.

Mayi a Tadala (Lilongwe):
Ndiye lamba wanu akufera pamenepo, ndipo palibe kit yomwe ingamupulumutse. Pa High, quad ikuyenda pang'onopang'ono ndi katundu, lamba amakhala pansi penipeni pa primary, pomwe wagwira malo ochepa ndipo ma weight akukankha mofooka. Chipupizo chomwe chimaziziritsa mkatimo nachonso chikuzungulira pang'onopang'ono. Low imalola injini kuzungulira mwachangu matayala akuyenda pang'ono, lamba n'kupanidwa bwino. Polaris amanena okha m'mabuku awo kuti pokoka katundu, pamalo ovuta, ndi pa liwiro losapitirira pafupifupi makilomita 11 pa ola, muziika Low. Matayala a 27 angokulitsa vutolo. Walira mvula walira matope: munafuna kuti isamatitimire mumchenga, ndiye Low ikhale chizolowezi. Ndipo matayala akaima, moto usiyidwe nthawi yomweyo, osaumiriza.

Aphiri (Thyolo):
Zoona. Ndipo poti muli kunyanja, madzi akalowa m'bokosi la lamba pali kabawuti kotulutsira pansi pake. Tulutsani madzi, muilize pa neutral pang'ono kuti uume, kenaka muyende. Muonenso labala la chivundikiro ndi mapaipi a mpweya. Mchenga ukamalowa umakumba mizere pa mbale, ndipo mbale ya mizere imagwira lamba pamalo amodzi.

Che Yusufu (Monkey Bay):
Ndabweranso ndi zotsatira. Madala anasintha ma roller onse atatu a spider, mabatani a spider ndi bushing ya kapu. Nambala ya ma weight akale inali ya kumtunda ija monga munaganizira a Kondwani, ndiye taika a malo otsika ndi sipuling'i yatsopano ya fakitale. Ma X ali pamodzi. Mbale ndinazikwecha ndi kasiponji kobiriwira kaja kotsukira mapoto mpaka mizere yakuda itatha, n'kupukuta ndi acetone. Lamba ndinamutsuka ndi madzi ofunda a sopo, n'kumuumitsa bwino ndisanamuike. Kunjenjemera kwatha, kwangotsala kwachibadwa kwa injini, ndipo kugunda ponyamuka kulibenso. Pa msewu wosalala ma rev akukhazikika, koma ali pansi pang'ono pa mlingo wa m'buku, ndi 200 kapena kuposerapo pang'ono. Mumchenga wakuya ikuchedwa pang'ono kudzuka ndikabwezeretsa moto.

Kondwani (Joni):
Lamba akadali watsopano, musamuweruze msanga. Muyende naye mofatsa makilomita 50 kapena kuposa, mukusinthasintha liwiro, osakoka bwato, kenaka muyezenso. Mukadzamuchotsa tsiku lina, abwerere moyang'ana komwe ankayang'ana, zilembo zikuthandizani. Ma rev 200 amenewo ndi a matayala aja. Ngati adzakhalabe pansi, ma weight musawakhudze kaye. Yambani ndi secondary, chifukwa kuchedwa kudzuka mumchenga ndi nkhani ya kumbuyo. Mabatani a helix munawasintha?

Che Yusufu (Monkey Bay):
Sindinawasinthe, anali asanafike. Adyeka pafupifupi theka.

Madala Phiri (Limbe):
Ndiye dikirani amenewo. Akafika muwaike, sipuling'i ikhale pa bowo lomwe ilili, muyeze. Zikapanda kukwanira, bowo limodzi lolimbitsa, muyezenso. Pomanga muonenso kukhwepa kwa lamba: gonekani lula pamwamba pa ma klatchi awiriwo, mudinikize lamba pakati, muyeze mpatawo. Umasinthidwa ndi mawashala a pakati pa mbale za secondary. Mukachotsako lamba amakwera n'kukungika, mukawonjezera amakhwepa. Lamba wokhwepa kwambiri amanyamutsa quad ngati ili kale pa giya yachiwiri.

Banda (Chipata):
A Kondwani, yathu ya CFMoto tikufuna kupita nayo ku Nyika kukagwira ntchito miyezi ingapo. Ndi ya jekeseni, si ya kabureta. Tisinthe kanthu?

Kondwani (Joni):
Jekeseni ikonza yokha mlingo wa petulo, koma mpweya womwe kulibe siingaupange. Pamwamba pa Nyika mwadutsa mamita 2,000, ndiye mphamvu itsika ndithu ndipo ma rev atsika nayo. Yanu ikhoza kukhala ya ma roller, osati ma weight a pa pini, muione kaye. Yezani ma rev muli ku Chipata mulembe, mukafika kumeneko muyezenso ndi katundu yemweyo. Akatsika kwambiri, ikani ma roller opepukirapo ndi galamu imodzi kapena awiri, seti yonse. Akalewo muwasunge m'kabotolo kolembedwa kulemera kwake, mudzawabwezere potsika. Mutengenso lamba wapadera ndi zida zomuikira, chifukwa kuchokera ku Chelinda kufika ku Rumphi ndi ulendo wa maola angapo pa msewu wafumbi.